Funso Lachinayi Ulifute

Mongue, Lachisanu masana

Ilda mwananga,

Wapita kukatsanzika azakhali ako ukadali wokwiya, ndamva mmene watsekera chitseko. Amayi ako akuti ndikusiye, akuti mwana akunyamuka mawa, lero si tsiku lokangana. Akunena zoona. Koma m'mawa uja pakamwa panandilephera, ndinangokalipa ngati ndikadali ndi ndodo m'kalasi, ndiye ndati ndilembe. Kulemba ndiye ndimathako. Mvula yatseka anthu m'nyumba, palibe wondisokoneza. Kalatayi ndiyika m'kaderno wako, kope lija la mapulano a maphunziro, pa tsamba lomwe tinakanganirana lija, kuti usaidumphe.

Inde, kaderno wakoyo ndinamuwerenga osapempha. Unamusiya pa tebulo, ndipo ine ntchito ndinapuma koma maso sanapume. Nkhani yomwe walemba kuti ukawerengere ana a kalasi yachiwiri Lolemba ndi yabwino, sindikunyengerera. Mayi uja wobwera kuchokera ku Malawi atasenza mtolo, mwana kumbuyo, n'kupeza kamtengo ka mango komwe anabzala katakula kuposa nyumba: ndinaiwerenga kawiri. Mafunso ako atatu oyamba ndilibe nawo mawu. Koma lachinayi, lija walemba kuti, "Kwanu kudachitika zotani nthawi ya nkhondo? Kafunseni agogo anu, mawa mudzatiuze," limenelo ulifute. Unandiyankha kuti kusukulu ya aphunzitsi anakuuzani kuti nkhani izifika pa moyo wa mwana, ndi kuti ife akale tinkaopa ana akamayankhula. Mwina n'zoona. Koma chifukwa changa chenicheni sindinakuuze, ndi ichi. M'kalasi yomwe akupatsa ku Molumbo muli kamtsikana dzina lake Rozita. Amayi ake, Ezelina, anali m'kalasi mwanga pa sukulu yomweyo, ndipo anasiya sukulu chifukwa cha funso longa lakoli, lotuluka pakamwa panga. Sindikufuna kuti banja limodzi lilandire zimenezi kawiri kuchokera m'nyumba ino.

Ndikuuza zonse, koma undilole ndiyambire kutali. Sindinalakwe tsiku limodzi lokha ayi. Ndinkalakwa pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, ndipo cholakwa chilichonse ndinkachiona chitadutsa kale.

Kuphunzitsa ndinayambira ku kampu, tsidya la Ruo, tili othawa nkhondo. Sindinaphunzire uphunzitsi ngati iwe. Anangoona kuti ndimatha kuwerenga, n'kundipatsa choko ndi chisakasa cha udzu. Tsiku lina kunabwera katoni ya mabuku. Chimwemwe chake! Ndinangosolola limodzi lokhala ndi chithunzi cha galu pachikuto, ndinati ana amakonda agalu, n'kuyamba kuwerenga osaliona m'kati. Masamba oyamba ana ankaseka, ine ndikuuwa ngati galu weniweni. Pofika pakati, nyumba ya m'nkhanimo inapsa, eni ake anathawa, galu anamusiya ali pa chingwe. Ilda, ana amenewo anali atangochoka m'midzi yoyaka moto. Kamtsikana kena ka kutsogolo kanadzikodzera kali chikhalire, maso ali pa ine. Ukudziwa zomwe ndinachita? Ndinakweza mawu, kuwerenga mothamanga kuti ndikafike pomwe galu akupulumuka. Anapulumukadi pa tsamba lomaliza, koma panalibenso womvetsera. Choncho nkhani iliyonse uyambe waiwerenga wekha, mokweza, pensulo ili m'manja. Pomwe mawu ako agwedezeka, ika chizindikiro. Pomwe waganiza kuti mwana wa uje amva kuwawa, ikanso chizindikiro, uganize ngati uwerenge kapena udumphe. Buku lisakhale lachilendo kwa iwe pamaso pa ana, likongole bwanji pachikuto.

Mtendere utabwera tinabwerera, ndipo ananditumiza kuseri kwa Molumbo, komwe ukupitako. Msewu wake sunasinthe, ukaona wekha mawa. Shapa, kaminibasi kaja, ikakutsitsa pa msika, kotsalako ndi njinga ndi miyendo. Masiku amenewo m'kalasi munkaloledwa Chipwitikizi chokha, ndipo ine Chipwitikizi changa ndinkachinyadira. Ndinkawerenga ngati munthu wa pa wailesi, buku nditalikweza mpaka kubisa nkhope. Ndikamaliza ndinkafunsa, "Mwamva?" Onse pamodzi: "Sim, sinyoro purufesori!" Denga kuchita kugwedezeka. Ndinkapita kunyumba mtima uli m'malo. Itatha miyezi itatu, sindikudziwa chomwe chinandilowa, ndinati m'Chinyanja, "Chabwino, wina andiuze zomwe zachitika m'nkhaniyi, m'chiyankhulo chilichonse." Palibe. Ndinaloza uyu, ndinaloza uyo, onse maso pansi. Mmodzi anayesa, anati muli nkhuku, chifukwa anaona chithunzi pamene ndinkatembenuza tsamba. Miyezi itatu ndinkawerengera makoma ine! "Mwamva?" si funso, Ilda. Mwana woleredwa bwino amavomera ngakhale umuwerengere zam'kamwa mwako zopanda mutu. Funsa zomwe sangayankhe ndi inde: wafika ndani, wanyamula chiyani, nanga akatsegula chitsekochi apeza chiyani. Inu masiku ano mwaloledwa kuyamba ndi chiyankhulo cha kwawo, mwayi umenewo usausewerese. Woyankha m'Chilomwe umulandire. Chilomwe cha amayi ako umachimva bwinobwino, ngakhale umanamizira pamaso pa anzako a m'tauni. Ndipo chithunzi uziyenda nacho mpaka kumbuyo, mosathamanga, chifukwa a kumbuyo nawo ali ndi maso.

Nditasiya "Mwamva?" ndinagwa m'dzenje lina. Ndinayamba kukonza mafunso kunyumba, zomwe n'zabwino, koma pansi pa funso lililonse ndinkalembanso yankho, ndipo yankho limenelo ndinkaliteteza ngati mwana wanga. Panali nkhani ya bambo amene anagulitsa njinga yake. Funso langa linali loti, wachita bwino kodi? Pa pepala langa ndinalemba kuti ayi, njinga ndi chuma. Mnyamata wina wa mutu waukulu anati wachita bwino. Ndinati walakwa. Anati, "Koma purufesori, pa chithunzipo foloko ya kutsogolo ndi yopindika. Imeneyo ikasenza chimanga kupita ku Muloza imupha pa chitsikiro." Kalasi inaseka, ine ndinamva ngati akuseka ine, ndinamumenya ndi rula pa zala. Madzulo ndinatsegula bukulo ndekha. Foloko inali yopindikadi. Bambo ake a mwanayo ankakhalira kukankha njinga za chimanga kupita kumalire, ndiye njinga ankaidziwa kuposa ine ndi wolemba buku pamodzi. Sindinamupepese, aphunzitsi a nthawi imeneyo sitinkapepesa ana. Sanayankhenso funso langa mpaka chaka chinatha. Ndaona kuti nawenso walemba mayankho m'mphepete ndi cholembera chofiira. Lemba, palibe choipa, koma mwana akabwera ndi lake, uyambe wafunsa kuti, "Waona chiyani kuti utero?" Kawirikawiri waonadi kanthu.

Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khoma long'aluka, ndiko kunkakhala Ezelina. Anali wa zaka ngati zisanu ndi zinayi, wochedwa kuyamba sukulu monga ana ambiri ochokera ku kampu, woonda, wovala diresi la mkulu wake. Miyezi yonseyo sindinamvepo mawu ake. Sindinkamufunsanso, chifukwa ndinali ndi ana anga atatu a kutsogolo okweza manja msanga, ndipo ndinkaloza mmodzi wa iwo funso lisanafike n'komwe kumbuyo. Chomwe chinandiphunzitsa ndi chifuwa. Tsiku lina nditangofunsa kuti, "N'chifukwa chiyani mnyamata wa m'nkhaniyi sanauze amayi ake kuti wataya khasu?" fumbi la choko linandilowa kukhosi. Ndinatsokomola mpaka misozi, nditagwira tebulo. Poweramuka, atatu anga aja manja anali atatopa, atsitsa. Dzanja linatsala limodzi, kumbuyo, lofika pa khutu basi. Ezelina anayankha motsitsa, theka Chinyanja theka Chilomwe: "Sankaopa kumenyedwa. Ankaopa kuti amayi ake alira." M'buku munalibe zimenezo. Ngakhale ine sindinaziganize. Ndiye ukafunsa, dikira. Werenga chamumtima mpaka khumi, manja a kutsogolo uwauze atsike kaye. Chete ameneyo ndi wowawa, udzamva ngati phunziro lafa, koma ndi nthawi yomwe ana akuganiza.

Kuyambira tsiku limenelo Ezelina anatseguka. Anadziwa kuwerenga anzake onse asanadziwe. Ankatola timapepala pa msika, ngakhale chokulungira sopo, kubwera nato kwa ine: "Purufesori, apa akuti chiyani? Ayi, musanene, ndiyese kaye." Ndinkamuuza kuti adzakhala mphunzitsi. Ndinkamuuza tsiku ndi tsiku, "Usaope. M'kalasi muno nena zomwe zili mumtima, palibe adzakumenya." Ndinkamva kukoma ndikamanena zimenezi. Koma ndinalonjeza chinthu chomwe sichinali changa, chifukwa mphamvu za mphunzitsi zimathera pa khomo la kalasi.

Tsopano umve zomwe kusukulu ya aphunzitsi sangakuuze, poti sizilembedwa. Iwe unabadwa mfuti zitakhala kale chete. Mtendere wa m'midzi yathu sunabwere ndi mapepala a akuluakulu okha. Titabwerera tinapeza omwe anatsala, ena ali m'minda yathu, ena tikudziwa bwino zomwe anachita, nawonso akudziwa zathu. Panalibe bwalo la milandu loti likwanitse zimenezo. Ndiye akulu a mpingo ndi a m'mabanja ankakhazika nyumba ziwiri pa mphasa imodzi, wobwera ndi wotsala, kupemphera, kudyera mbale imodzi, n'kunena kuti yatha, wodzaitchulanso ndiye woyambitsa. Anthu anasunga. Amene analondolera asilikali ku nyumba ya mnzake lero akuyimba naye m'kwaya imodzi. Ngakhale kuno n'chimodzimodzi. Ukuganiza kuti n'chifukwa chiyani amayi ako sagula mchere pa benchi ina ija pa msika, chonsecho moni amapereka bwinobwino? Usandifunse. Nkhanizo sizinafe, Ilda. Zimanenedwa m'nyumba chitseko chili chotseka, akuluakulu akuganiza kuti ana sakumva. Ana amamva zonse. Chomwe sadziwa n'chakuti ndi ziti zosatuluka nazo panja.

Ine zonsezi ndinkazidziwa, ndiye usati bambo analakwa mosadziwa. Chaka chachitatu ndili kumeneko anatiuza kuti kubwera woyendera masukulu. Ine ndinkafunitsitsa kusamutsidwa, kubwera kuno kufupi ndi tauni, chifukwa amayi ako anali ndi pakati pa mlongo wako wamkulu ndipo chipatala chinali kutali. Ndinati bwana ameneyu ndimuonetse kalasi yoyankhula. Mabuku a nkhani analipo awiri okha, ana atawaloweza kale, ndiye ndinalemba yanga, monga wachitira iwemu. Inali ya bambo wochokera ku kampu amene akupeza mnansi wake atabzala chinangwa m'munda mwake. Ndinaigawa pawiri, theka lero, theka mawa, kuti ana agone ndi chidwi. Woyendera uja anakhala kumbuyo pa mpando wanga, chipewa pa bondo. Anali munthu wa kutali, Chinyanja ankangomva apa ndi apo, koma anandilola kumasulira. Tsiku limenelo ndinawerenga bwino, sindikunama: mawu a bambo wobwera, mawu a mnansi, ana kukamwa yasa. Ndinaima pomwe awiriwo akumana m'malire a munda, makasu ali m'manja, n'kunena kuti kotsalako mawa. Funso loyamba, wafika ndani? Manja m'mwamba. Lachiwiri, wapeza chiyani? Manja m'mwamba. Lachitatu, mumtima mwake muli chiyani? Anayankha bwino, bwana akugwedeza mutu. Ndikanalekera pomwepo. Koma ndinkafuna zoposa. Ndinati, "Ndani mwa inu kwawo zinachitikapo zotere?"

Manja onse anatsika. Anawo anali ndi nzeru kuposa ine. Ndinadikira, monga ndakuuza kuti uzidikira, koma podikirapo ndinayang'ana kumbuyo, kwa Ezelina, n'kumumwetulira. Anaimirira chifukwa cha ine. Anati, "Munda womwe akulima a Bernado ndi wathu. Ababa amati a Bernado ndi amene analondolera anthu a mfuti kwa amalume, kuti atenge mundawo." A Bernado anali mnansi wawo, mkulu wa kwaya, ndipo mwana wawo Zeka anali pa mzere wachiwiri. Zeka sanalire. Anangotola thumba lake la pulasitiki n'kutuluka. Woyendera uja sanamve zomwe zanenedwa, anangoona mwana wamkazi akuyankhula molimba mtima, anamwetulira n'kulemba. Ine ndinamva liwu lililonse. Koma bwana anali kumbuyo akumwetulira, ndiye ndinati, "Wayankha bwino," ndipo ndinauza kalasi imuwombere m'manja. Ndinamuwombetsa m'manja, Ilda. Anawomba owerengeka, motsitsa.

Dzuwa lisanapendeke nkhani inali itazungulira mudzi wonse. A Bernado ndi abale awo anakaima pa bwalo la bambo a Ezelina. Akulu a mpingo anathamanga, anakhazikanso anthu pansi. Mlandu sunali wa munda, sunalinso wa malume wophedwa uja, ayi. Unali woti nyumba iyi yaswa pangano, yatuma mwana kukanena pagulu. Bambo a Ezelina anagwada, anapepesa ndi mbuzi yawo imodzi yokhayo. Alendo atachoka anamugwira mwanayo. Anansi ndi omwe anandiuza, akuti kulira kunamveka mpaka ku chitsime. M'mawa mwake pa malo a pa khoma aja panalibe munthu. Theka lachiwiri la nkhani sindinaliwerenge, ndinaphunzitsa masamu. Sabata isanathe anamuwolotsa Ruo, kwa azakhali ake, kukalera ana, akuti pakamwa pake pakazizire kumeneko. Sanalowenso m'kalasi ya wina aliyense.

Kawiri ndinanyamuka kupita kwawo kukanena kuti wolakwa ndine, ndine ndinafunsa, ndine ndinamuyang'ana. Kawiri konse ndinafika pa kamtsinje ka kumunsi kwa mudzi wawo n'kubwerera. Ndinkadziuza kuti ndikapita ndikangoutsa zomwe akulu azimitsa kale. Bodza. Ndinkaopa kuti nkhani ikafika kwa akuluakulu a maphunziro, kusamutsidwa kwanga kulephereka. Kalata yondisamutsa inabweradi, yonditama kuti ndine mphunzitsi wodziwa kuyankhulitsa ana. Nyumba ino yomwe unabadwiramo, sukulu yomwe unaphunzira, zonse zinachokera m'kalata imeneyo. Amayi ako akudziwa theka la nkhaniyi. Iwe tsopano wadziwa yonse, ndipo ngati ulemu wako pa ine uchepa, sindidandaula. Ndikuchita manyazi ngakhale pano ndikulemba ndekha m'nyumba.

Usaganize kuti ndikuti ana azikhala duu ngati matumba. Unanena zoona m'mawa kuti nkhani iyenera kumukhudza mwana. Koma pali njira yake. Funso lako lizikhala m'kati mwa nkhani, lisatuluke kukagogoda pa nyumba ya mwana. Funsa za mayi wako wa mango uja. Ataona mtengowo, anayamba waseka kapena kulira? N'chifukwa chiyani anaukumbatira asanatule mtolo? Akanakhala ndi mnzake pafupi, akanamuuza chiyani? Mwana amene kwawo kuli chisoni adzayankha zakwawo ndithu, udzamva m'mawu ake, koma adzazinena m'dzina la mayi wa m'nkhani, ndipo madzulo palibe amene adzakaima pa bwalo la bambo ake. Umupatse mwana pobisala. Wina akayamba yekha kuti, "Kwathu a uje anachita zakuti," usamukalipire, komanso usamutame. Uziti, "Zimenezo tikambirana awiri," n'kubwerera ku buku msanga. Nanga zoti kafunseni agogo? Ha, agogo a ku Molumbo! Ena adzakana, ena atalawako kachasu adzanena ndi mayina omwe, ndipo Lachiwiri m'mawa mayinawo adzalowa m'kalasi mwako pamaso pa zidzukulu za eni ake. Udzati nkhondo inatha kalekale. Anthu ake alipo, minda yake ilipo, ikulimidwa chaka chino.

Zing'onozing'ono izi ndiyikepo ndisanaiwale. Mafunso atatu amakwana, ana a kalasi yachiwiri si oweruza milandu. Limodzi ufunse usanatsegule buku, pa chithunzi chokha, kuti alowe m'nkhani ali ndi chofuna. Mawu ako ndi ang'ono, unatengera amayi ako. Mvula ikayamba pa malata usalimbane nayo, tseka buku, ana ajambule kapena asewere zomwe mwawerenga kale, ungadzasase mawu ngati ine usanafike zaka makumi anayi. Kaderno umukulunge m'pulasitiki ziwiri, osati imodzi. Ndipo pulano yokongola yomwe ukasonyeze a diretori, mkulu wa sukulu, si phunziro, phunziro ndi zomwe zikuchitika pa nkhope za ana. Tsiku lomwe kumbuyo kwa kalasi kudzakhale mlendo wa chipewa, udzachenjere ndi mtima wako womwe, chifukwa tsiku limenelo udzafuna kuoneka.

Chaka chatha, nthawi yokolola nandolo, ndinapita ku Milange kukagula tayala la njinga. Pa msika mayi wina wokhala pansi ndi thumba la nyemba anandiyang'anitsitsa, kenaka anadzuka, kupinda mawondo pang'ono. "Purufesori, simukundizindikira? Ndine Ezelina, uja wa pakamwa." Uja wa pakamwa! Ndi dzina lomwe anamupatsa kwawo, ndipo analinena akuseka, mano awiri a kutsogolo palibe. Ukamuona ungati ndi msinkhu wa amayi ako. Anakwatiwa tsidya lija ali wamng'ono, mwamunayo anamwalira, anabwerera kumudzi, anakwatiwanso. Anamasula nsonga ya kapulana, chitenje chomwe anamanga m'chiuno, anatulutsa kapepala ka kuchipatala kopinda kanayi. "Mundiwerengereko, zilembo zinandithawa." Mwana uja, woti musanene ndiyese kaye. Ndinamuwerengera tsiku loti abwerenso ndi mmene azimwera mankhwala. Ndinati, "Ezelina, tsiku lija ndinakulakwira." Anadabwa kwenikweni. "Aa, inu ayi, purufesori. Wolongolola ndinali ine." Ndikanakonda akananditukwana.

Ndi pomwe anandiuza za Rozita, mwana wake womaliza. Anali m'kalasi yoyamba chaka chathacho, ndiye chaka chino ndi wako, poti kalasi yachiwiri pa sukulu ija ndi imodzi. "Ameneyo ndamulangiza bwino," anatero, monyadira ndithu. "Ndimamuuza m'mawa uliwonse, kusukulu uzingomvera. Akakufunsa uziti sindikudziwa." Ndinayamba kumangirira tayala pa njinga kuti ndichoke, koma anandiitananso. "Purufesori, nkhani ija inatha bwanji? Munati mawa. Munda anatenga ndani?" Zaka zonsezi, Ilda. Mapepala a nkhaniyo ndinayatsira moto sabata yomwe ija, koma mathero ake ndikuwakumbuka bwino: awiriwo anagawana munda, anadyera limodzi chinangwa, aliyense wokondwa. Ndinayang'ana nkhope yake, ndinalephera kumuuza zoterozo. Ndinati ndaiwala. Anati, "Pepani, ndi kaledi," n'kukhalanso pa nyemba zake.

Kaderno ndi wako. Sindinamukhudze ndi cholembera changa, ngakhale dzanja linkayabwa. Funso lachinayi ufute wekha, ndi dzanja lako, ukakhutira kuti bambo ako sakungokalamba. Ukandikwiyira chifukwa cha zomwe ndalemba muno, kwiya, ndi mkwiyo woyenera. Mawa pokuperekeza ku shapa usandifunse kanthu pamaso pa amayi ako.

Lolemba ukalowa m'kalasi, Rozita ukamupeza kumbuyo, sindikukayika. Udzafunsa, adzati sindikudziwa. Usamulembe kuti ndi wofooka. Akudziwa, akungomvera amayi ake, ndipo amayi akewo anaphunzira kwa ine. Usamuloze, usamumwetulire momukoka monga ndinachitira ine. Uzingowerenga bwino, chithunzi uzifika nacho pomwe ali, ndipo nkhani ukaiyamba uziimaliza tsiku lomwelo, chifukwa sudziwa amene mawa sabwera. Mwina patha mwezi, mwina chaka chonse, asanakweze dzanja. Mwina sadzakweza n'komwe, ndipo chimenecho ndidzapita nacho kumanda ine, osati iwe. Koma akadzakweza, mwananga, ndikukupempha, funso lomwe udzakhale utafunsa likhale loti akayankha akagone kwawo osamenyedwa, m'mawa adzabwerenso.

Mulungu akuperekeze pa matope aja.

Ine bambo ako.